Chikombole Chopanda Dzina

Mawu oti template ndinakhala nawo sabata yathunthu osawapezera Chichewa chake. Ndinadzachipeza nditakhala pa seva, osati m'dikishonale.

Kagulu kathu ka omasulira kali ndi seva imodzi yoyendera Proxmox. Mkati mwake timapangamo makompyuta oti sungawakhudze ndi dzanja, koma amagwira ntchito ngati enieni. M'malo mokonza iliyonse payokha, umakonza imodzi bwinobwino, n'kuisandutsa template, kenako n'kumangoikopera. Nditaona zimenezi ndinakumbukira agogo akuumba njerwa kudambo: chikombole chimodzi, njerwa zambirimbiri.

Ndinakonza chikombole changa ndi Ubuntu, ndinaikamo mapulogalamu athu onse, n'kuumba makompyuta anayi a anzanga. Kutacha, makompyutawo ankalimbirana adiresi imodzi ya IP. Wina akalowa, mnzake ankatuluka. Mlongo wanga, yemwe ntchito yake ndi yomweyi, anangoseka pa foni. "Achimwene, ana anayi mwawapatsa dzina limodzi. Mukaitana avomera ndani?" Fayilo ya /etc/machine-id ndinaisiya ili ndi nambala yake, chikhalirecho Ubuntu amadzidziwikitsa ndi nambalayo popempha adiresi. Makiyi a SSH, omwe kompyuta imatsimikizira nawo kuti ndi yomweyo, analinso ofanana.

Izo tinakonza tsiku lomwelo. Chimene chinandisowetsa tulo n'china. Poyesa mapulogalamu aja ndinkagwiritsa ntchito kalata yakuchipatala ya mayi wina, yomwe ndinkamasulira, ndipo ndinaiiwala m'chikombolemo. Matenda omwe iwo anaululira ine ndekha anafika pamaso pa anthu anayi. Ndinaifufuta ponseponse, ndinawaimbira foni n'kuwauza zoona. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwachita bwino kunena." Sanabweretsenso ntchito ina.

Tsopano ndisanasandutse kompyuta kukhala chikombole, ndimayamba ndaiiwalitsa zonse. Nambala ija ndimaichotsa, makiyi ndimafufuta, mbiri ya zomwe ndinalembapo ndi mafayilo anga ndimasesa. Pulogalamu ya cloud-init ndi yomwe imapatsa kompyuta iliyonse dzina ndi makiyi akeake ikayaka koyamba. Pa Windows ntchito yoiwalitsayi imagwiridwa ndi Sysprep.

Agogo ankaviika chikombole m'madzi asanaponyemo dothi lina, kuti la njerwa yapita lisakakamire. Ndili mwana ndinkaona ngati akungochedwetsa ntchito. Lero ndikamaliza kusesa, ndimatsegulanso mafoda onse kachiwiri, limodzilimodzi, ndisanadine batani.