Madilesi Anatikwana, Tsitsi Linatsala m'Cipeso

Tinali asanu pa laini ya ukwati wa mnzathu. Nsalu tinagula ku Kamwala kuciyambi kwa June, ndipo tsiku lopita kwa telala tinacita cinthu cimene panthawiyo tinaona monga nzelu. Tinawauza kuti asoke madilesi ocepelako kuposa mmene tepi inali kuonetsela. Amayi aja anatiyang'ana na kufunsa kuti, "Ana anga, nanga mukapanda kuonda?" Ife tinangoseka. Kunali kutatsala milungu 8, ndipo tinali titatsegula kale gulu pa WhatsApp lokumbutsana kuti tisadye.

Malamulo athu anali okhwima. Nsima ayi, buledi ayi, nyama na mazila ayi, cifukwa wina anamva kuti zimanenepetsa. M'mawa tinali kumwa madzi otentha a mandimu, masana nkhaka na apozi imodzi, madzulo tiyi woondetsa amene tinagula kwa munthu wina pa Facebook. Tiyi ameneyo anali kutithamangitsila ku cimbudzi pakati pa usiku, koma tinali kulimbikitsana kuti ni mafuta amene acoka. Tikamva cizungulile mu minibasi, tinali kutafuna cingamu. Aliyense anali kutuma cithunzi ca sikelo pa Sondo, ndipo amene waonda kwambili ndiye anali mfumukazi ya mlungu umenewo.

Ukwati unacitika mu August ndipo madilesi anatikwana bwino. Wina pakati pathu anali atataya makilo 9, wina 7. Tinavina, anthu anatiyamikila, zithunzi zinayenda pa mafoni.

Nkhani inasintha kumapeto kwa September. Pomasula mukule, tsitsi linali kubwela m'manja monga thonje. Linali kutsala m'cipeso, pa pilo na pansi m'bafa. Coseketsa n'cakuti asanu tonse tinali na vuto limodzi, koma palibe anauzako mnzake. Wina anayamba kuvala wigi tsiku lililonse m'kutentha kwa October, wina citambala. Gulu lija la pa WhatsApp, limene linali kulila usana na usiku, linangoti zii.

Aliyense anapeza wom'patsa mlandu. Wina anakwiyila mtsikana wa ku saluni ndipo analeka kupitako. Wina anati ni mankhwala owongola tsitsi. Wina anauzidwa na azakhali ake kuti pali munthu wanjiru amene anatola tsitsi lake pa ukwati paja. Ndalama zinapita pa mafuta osiyana-siyana a ku Soweto Market, koma cipeso cinapitiliza kudzala.

Amene anatitsegula maso ni mnzathu amene anali kutopa kwambili mpaka anapita ku kiliniki. Za tsitsi anangochulako pothela. Anesi anam'funsa ngati anabeleka posacedwa, ngati anadwalapo malungo aakulu, ndiyeno anati, "Nanga miyezi itatu yapitayi munali kudya bwanji?" Atam'pima, anapeza kuti magazi ni ocepa. Madzulo amenewo analemba m'gulu muja mau ocepa cabe, ndipo m'mphindi zocepa tonse tinaulula.

Zimene tinaphunzila ni izi. Pamutu pa munthu pali tsitsi pafupi-fupi 100,000, ndipo silikula lonse panthawi imodzi. Lambili, pafupi-fupi 9 pa 10 iliyonse, limakhala likukula, ndipo limapitiliza conco kwa zaka zingapo. Lotsalalo limakhala likupumula kwa miyezi pafupi-fupi itatu, pambuyo pake limagwa kuti latsopano limele. Ndiye cifukwa cake kutaya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku si matenda. Koma thupi likadzidzimuka na njala, matenda aakulu, opaleshoni kapena kubeleka, limayamba kusunga mphamvu. Mtima, ubongo na ciwindi zimakhala patsogolo, tsitsi limakhala kumbuyo kwa mzele. Tsitsi lambili limaleka kukula nthawi imodzi na kuyamba kupumula. Madokotala amacha vutoli telogen effluvium.

Cimene cimapusitsa ni kucedwa kwake. Tsitsi limene laleka kukula siligwa tsiku lomwelo, limayembekeza miyezi iwili kapena itatu. Pofika nthawiyo ukwati unatha kale, nsima tinabwelelako, ndipo za nkhaka na mandimu tinaiwala. Conco tinaloza cala saluni ya dzulo, pamene mlandu unali wa mbale za mu June na July.

Tsitsi limapangidwa na puloteni yochedwa keratin, ndipo mizu yake imafuna ayironi na zinki. Ife tinacotsa pa mbale zakudya zomwezo zimene zimapeleka zinthu zimenezi. Kuwonjezela apo, mkazi amataya ayironi mwezi uliwonse akapita kumwezi, ndiye kuti ambili a ife tinayamba njala ija tili kale na nkhokwe yocepa. Matiyi ambili oondetsa amakhala na senna, mankhwala otsegula m'mimba. Sikelo imatsika cifukwa munthu wataya madzi, osati mafuta.

Cinatipweteka mtima n'cakuti mankhwala ake anali pa msika wa pafupi na nyumba, ndipo si odula. Kapenta, nyemba, mazila, nshawa, soya pisi, ciwindi na vinkubala zili na puloteni, ndipo zambili mwa izi zili na ayironi. Bondwe, cibwabwa na kalembula zimawonjezelako. Vitamini C wa mu tomato, magwafa, malalanje na malambe amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'ndiwo zamasamba na nyemba, pamene tiyi womwela pa cakudya amalepheletsa. Visashi vimene tinali kuvinyoza kuti vili na mafuta vinali bwenzi lathu.

Tinalakwitsanso pobisa. Ena tinaluka zomangika kwambili, ena tinamata wigi na guluu pamphumi. Kukoka tsitsi mwa njila imeneyi kumabweletsa vuto lina, lothothola tsitsi la m'mbali na pamphumi, ndipo kukapitilila kwa zaka mizu imafa, osamelanso. Tsitsi logwa cifukwa ca njala kambili limabwelela munthu akayamba kudya bwino, ngakhale kuti limacedwa, pakuti limakula pafupi-fupi sentimita imodzi cabe pamwezi. Koma ngati lapitiliza kugwa kupitilila miyezi 6, kapena pali zigamba zozungulila zopanda tsitsi, zilonda na kuyabwa, ni bwino kupita ku cipatala. Cithokomilo, zipele na matenda ena nazonso zimathothola tsitsi. Ngakhale mapilisi a ayironi, ni bwino kuyamba mwapimitsa magazi, cifukwa ayironi wopitilila muyeso amawononga thupi.

Pali cinanso cimene tinacimvetsa mocedwa. Pamene tinali kuonda, amayi a mmodzi wa ife anamuitanila kucipinda na kum'funsa motsitsa mau kuti, "Mwana wanga, niuze zoona, wadwala?" Ife tinaseka nkhaniyo m'gulu. Koma makolo athu anapita m'zaka za m'ma 1990, pamene kuonda mwadzidzidzi na tsitsi lopyapyala zinali kutanthauza manong'onong'o m'komboni na malilo otsatizana. Anaika abale awo m'manda ali otelo. Ife tinalipila ndalama kuti tioneke mmene iwo anali kuopela, ndipo tinawaseka pamene anada nkhawa.

Sitikamba kuti kucepetsa thupi n'kulakwa. BP na shuga zilipo pakati pathu, ndipo ena afunikadi kutsitsako makilo. Koma a zaumoyo amalangiza kutsika pang'ono-pang'ono, hafu kilo mpaka kilo imodzi pamlungu. Munthu angacepetse nthongo za nsima popanda kuisiyilatu, angaleke zakumwa za shuga na machipisi a tsiku lililonse, angatsike basi siteshoni imodzi asanafike na kuyenda pansi. Ndiwo zomanga thupi zisacoke pa mbale. Izi zikhudzanso anyamata amene amadzimana cakudya kuti mimba iphwe mwamsanga.

Pofika February tinayamba kuona titsitsi tatifupi tikumela pamphumi. Anayi tsitsi linabwelela. Mnzathu wa guluu uja m'mbali mukali poyela mpaka lelo, ndipo akali kuonana na dokotala. Makilo nawo anabwelela pafupi-fupi onse, cakuti madilesi aja satikwananso.

Mwezi watha mng'ono wa mmodzi wa ife anatipempha kuti tikhale pa laini ya ukwati wake. Tinapita kwa telala yemwe uja. Atatizungulitsa tepi m'ciuno anaima kaye, bolopeni ili m'manja, akutiyang'ana. Tinawauza kuti, "Amayi, lembani zimene tepi yakamba."