Kaundula wa Mphindi 10 Zilizonse

Ndimasamalira seva ya Linux pa ofesi ina yaing'ono, ndipo ikayamba kuchedwa aliyense amati, "Dzulo inali bwinobwino." Anthufe timakumbukira tsiku lomwe tinakwiya basi, za masiku enawo timaiwala.

N'chifukwa chake ndimadalira sar, kapulogalamu ka mu sysstat, yomwe Sebastien Godard amaisamalira. Pa mphindi 10 zilizonse sysstat imalemba mwakachetechete mmene purosesa, memore, disiki ndi netiweki zikugwirira ntchito, tsiku lililonse m'fayilo yakeyake: sa01, sa02, mpaka mwezi kutha. Pa Debian imafika ili yozimitsa ndipo imasunga masiku 7 okha. Ine ndimaiyatsa tsiku loyamba lomwelo, n'kuwonjezera masikuwo kufika pa 28.

Chaka china abwana anatsimikiza zogula seva yatsopano, uku akuloza chala mayi wina wowerengera ndalama kuti malipoti awo ndi amene akulemetsa makina. Mayiwo anali atayamba kuopa ngakhale kutsegula pulogalamu yawo. Ndinaunika kaundula wa masabata atatu. Purosesa inkangokhala, koma %iowait, nthawi yomwe imadikirira disiki, inkakwera m'mawa uliwonse kuyambira 7 koloko mpaka 9, mayiwo asanayambe n'komwe malipoti. Backup ya usiku inali itakula moti sinkathanso kusanache. Tinaisuntha kuti iziyamba 10 koloko usiku, ndipo seva ija ikugwirabe ntchito.

Chimandinyansa n'chimodzi: chipwirikiti cha masekondi 20 chimasungunuka m'chiwerengero cha mphindi 10, osaonekanso. Ndikachikayikira, ndimalamula kuti izilemba mphindi iliyonse, ngakhale mafayilo amatupa.