Zimene Tinkatola Kudzala

Dzala la kwathu m'zaka za m'ma 1980 linali la phulusa, zitsononkho, makoko a mtedza ndi a nthochi. Zonsezo zinkaola, ndipo mvula ikagwa pankamera maungu ndi phwetekere popanda wofesa. Chitini, botolo, waya ndi chubu cha njinga sizinkafika kumeneko, ndipo zikafika mwangozi sizinkagonako. Ngakhale mphika ukasweka, phale lake linkapeza ntchito: lalikulu lokazingira chimanga, laling'ono lomwera nkhuku.

Katundu wa kugolosale ankabwera m'zitini, ndipo chitinicho chinkakhala ndi mwini wake zam'katimo zisanathe. Cha Blue Band chinali cha amayi, choikamo mchere. Cha mkaka wa ufa chinkasunga singano, ulusi, mabatani ndi timatambala ta chopereka cha Lamulungu. Chachikulu cha mafuta ophikira ankachiboola m'mbali, n'kupingasa kamtengo, n'kumatungira madzi pachitsime. Ife anyamata tinkadikira cha polishi wa nsapato, cha Kiwi chija, chifukwa matayala a galimoto ya mawaya anali pomwepo. Abambo akachedwa kumaliza polishiyo tinkawathandiza, nsapato zawo n'kumawala sabata yonse iwo osadziwa kuti ulemu wadzidzidziwo ukuchokera kuti.

Koloboyi ndiye anali mfumu ya zitini zonse. Unkatenga kachitini kapena kabotolo kokhala ndi chitsekerero chachitsulo, n'kuboola pakati ndi msomali. Kenaka unkadula kachidutswa ka chitini china, n'kukapinda mozunguliza msomali womwewo kuti kakhale kapaipi, n'kukalowetsa pabowopo. Chingwe chinkachokera ku nsanza ya thonje kapena ku bulangete lakutha. Nsalu ya nayiloni sinkayaka bwino, inkangosungunuka n'kutseka kapaipi, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo osaphunzitsidwa. Moto ukachepa unkakoka chingwe ndi munga, ukakula kwambiri amayi ankakuwa ali kuchipinda kuti, “Iwe, palafini ameneyo wagula ndiwe?” Ambiri a msinkhu wanga tinakonzekera mayeso a Sitandade 8 pa nyale imeneyi, ndipo m'mawa ukamina mamina ankatuluka akuda ndi mwaye. Sindimulira koloboyi. Utsi wake unkawawa m'maso, ndipo m'midzi ya denga la udzu panalibe amene sanamvepo za nyumba imene inapsa chifukwa wina anagona osazimitsa.

Galimoto ya mawaya yokha ndimailira pang'ono. Inkatenga masiku. Waya wokhuthala unali wa thupi ndi wa chiwongolero chachitali chija chofika m'chiuno. Wopyapyala unali womangira, ndipo pamene wasowa tinkamanga ndi malegeni, timizere todula ku chubu cha njinga. Pulayala tinalibe, tinkapinda ndi mwala ndi mano. Matayala akasowa a chitini tinkadula mozungulira patapata wakutha. Amisiri enieni pakati pathu ankapanga matayala akutsogolo okhota ukapotoza chiwongolero, ndi tizitsulo tonyutuka pansi kuti galimoto izinjanja pamabampu ngati yeniyeni. Tinkatengera zimene tinkaona mumsewu, basi ya UTM ndi lole yonyamula chimanga cha ku ADMARC, ndipo mwana wa kumudzi wopanda msewu waukulu ankadziwika ndi galimoto yake yosaoneka mtundu. Kumene waya ankachokera ndi nkhani ina. Mipanda ya eni minda yaikulu inkadziwa. Atsikana anali ndi masanje awo, tizitini tili miphika, ndi zidole zadongo zovekedwa tizidutswa totola pansi pa makina a telala.

Akuluakulu nawo anali ndi zawo. Tayala lagalimoto likatha linkasanduka nkhwaila, nsapato zosamva minga, zimene munthu ankatopa nazo zisanathe. Patapata akaduka pachala tinkalowetsa kamsomali kapena kawaya kunsi, n'kuyendanso naye miyezi. Chiguduli, thumba la ulusi wokhakhala lija, chinali chitseko, chinali chogonera cha ana, ndipo chikadzazidwa udzu n'kusokedwa chinali matiresi. Ndowa ikadooka inkadikira wokhoma zidebe, amene ankabwera panjinga ndi nyundo, lumo lodulira malata ndi kachidutswa ka njanji kokhomerapo. Ankadula pansi pofookapo n'kuika patsopano, ndowa n'kufupika pang'ono, ndipo panali ndowa zina kwathu zimene zinafupika mpaka kusanduka mabeseni. Kusukulu kunali phunziro la ntchito zamanja: anyamata tinkapititsa tsache, mthiko kapena mpini, atsikana ankasoka. Mpini wosemedwa bwino kwambiri aphunzitsi ankaukayikira kuti wasema ndi amalume, koma ankaulandira ndithu.

Tisanamizane, sitinkachita zimenezi poteteza chilengedwe, ndipo sitinkaziona ngati luso lonyadira. Unali umphawi, ndipo tinkachita nawo manyazi. Mlendo akabwera, chitini chomwera madzi chinkabisidwa, n'kutuluka tambula yagalasi imene inkakhala m'kabati chaka chonse. Kabudula wa zigamba ziwiri kumbuyo ankakusekera anzako pamzere wa asembule. Akuluakulu amati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo manja athu anaphunzira chifukwa m'thumba munalibe kanthu.

Zinthu zinayamba kutembenuka cha m'ma 1994, pamene ndale zinasintha ndipo malonda anamasuka. Kaunjika anadzaza misika, ndipo shati ya kaunjika inkatsika mtengo kuposa kugula nsalu ya ku David Whitehead n'kulipira telala. Chigamba chinayamba kusowa. Matelala ambiri a pakhonde anasiya kusoka zatsopano n'kumabweza ndi kufupikitsa za m'mabelo. Pambuyo pake kunabwera mabeseni, ndowa, makapu ndi mipando yapulasitiki, ndi masitolo a katundu wa ku China m'matauni ndi m'maboma. Ndani angadzudzule mayi amene anasankha ndowa yapulasitiki? Ndi yopepuka pamutu, siichita dzimbiri, ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Koloboyi anagwetsedwa ndi tochi ya mabatire ya timababu toyera tija, makamaka mu 2011 ndi 2012 pamene mafuta anasowa m'dziko muno ndipo palafini sankapezeka. Anthu amene anagula tochi nthawi imeneyo sanabwererenso ku utsi. Kenaka kunabwera nyale za sola ndi tochi ya pafoni.

Anzanga ambiri tikakhala pansi amati ana a masiku ano ndi aulesi, sadziwa kupanga kanthu, angodziwa kudina foni. Ine sindivomereza. Chimene chinasintha kwambiri ndi zimene zikutayidwazo. Chitini chimamvera munthu: umachidula, umachipinda, umachikhoma, umachimata ndi mtovu, ndipo chikatha ntchito yonse dzimbiri limachibwezera kudothi. Beseni lapulasitiki likang'ambika ukhoza kulimata ndi mpeni wamoto kapena kulisoka ndi waya, koma dzuwa likalilowa limayamba kuphwanyika paliponse ndipo palibe mmisiri angalidzutse. Tochi yotchipa imafa patatha miyezi yochepa, ndipo m'kati mwake mulibe chokhoma. Jumbo yopyapyala ija, imene amakupatsa ukagula tomato wa mulu umodzi, imang'ambika usanafike kunyumba. Mwana ungamuuze kuti apange chiyani ndi chinthu chotero? Mpira wa chikulunga, inde, ndipo mpira umenewo ndiwo unali chizindikiro choyamba kuti dzala layamba kusintha, chifukwa achimwene athu aakulu ankasewera wansanza.

Mpira sungamalize majumbo onse a m'tauni. Otsalawo ali m'ngalande, ali mu mtsinje wa Mudi ku Blantyre ndi mu mtsinje wa Lilongwe, ali m'mimba mwa mbuzi ndi ng'ombe, ndipo opha nyama amawapeza akatumbula. Mu 2015 boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60. Makampani opanga anakamang'ala kukhoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la Supreme linagamula kuti chiletsocho chipitirire. Milandu ina inabweranso pambuyo pake, ndipo zaka zonsezo jumbo inkaperekedwabe pamsika ngati palibe chinachitika. Dengu ndi basiketi yamlaza zimene amayi ankapita nazo kumsika zinalipo kale lamulo lisanalembedwe, koma kuzinyamula m'minibasi kunayamba kuoneka kwachimidzi.

Pamene chotayidwacho chili cholimba, manja a anthu sanaiwale kanthu. Taonani thumba la feteleza. Kuyambira 2005, pamene makuponi a feteleza wotsika mtengo anayamba, matumba amenewa anachuluka m'midzi, ndipo analowa m'malo onse amene chiguduli chinasiya. Amawatumbula n'kuwasoka pamodzi kuti akhale choyanikapo ufa ndi mphale, amatchingira bafa, amasoka chikwama cha mwana wa sukulu, amawakhoma kudenga kuti fumbi lisagwe, amawasomola ulusi n'kupota chingwe chomangira mbuzi. Botolo la zakumwa lapulasitiki limabwerera pamsika lili ndi thobwa kapena mafuta ophikira, ndipo ana amalimbirana mabotolo m'madepoti ndi m'maukwati kuti akagulitse. Mmene amatsukidwira ndi funso limene ogula thobwa ambiri safuna kufunsa. Palinso mpondagiya, chipangizo chosambira m'manja pafupi ndi chimbudzi: mitengo iwiri yamphanda, wina wopingasa, kachigubu koboola pafupi ndi kukamwa, chingwe chochokera pachigubupo kukafika pa kamtengo kali pansi. Ukaponda kamtengoko chigubu chimapendekeka, madzi n'kutuluka, dzanja osakhudza kanthu. Alangizi a zaumoyo anachifalitsa m'midzi, ndipo chinaoneka kwambiri nthawi ya Covid-19 mu 2020 ndi ya kolera mu 2022 ndi 2023. Amene anachitcha dzinalo ndithu anaseweretsapo galimoto ya mawaya.

Si kugwiritsanso ntchito konse kumene kuli kwanzeru. Neti yoteteza ku udzudzu ikapezeka itatchinga dimba kapena khola la anapiye, wina anganene kuti inali itabooka kale. Koma kunyanja ena amakokera nsomba, ndipo maso ake ndi aang'ono kwambiri moti amakokolola ndi kasawala yemwe, chambo cha chaka chamawa.

Munthu amene anaonetsa dziko lonse kumene luso la kudzala lingafike ndi William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 inamusiyitsa sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi. Anaona chithunzi cha makina oyendera mphepo m'buku la mulaibulale, n'kuyamba kusonkhanitsa: fani ya thirakitala, felemu ya njinga, dainamo, mitengo ya bulugamu yomangira nsanja. Mapiko a makina akewo anawapanga ndi mapaipi apulasitiki, atawawotcha pamoto n'kuwaphwatalitsa. Anthu ankati wachita misala, mpaka babu linayaka ndipo ena anayamba kubwera kudzatchajitsa mafoni. Buku lofotokoza mbiri yake linatuluka mu 2009, filimu mu 2019. Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi ndi mapaipiwo. Anali apulasitiki, koma pulasitiki wokhuthala, womvera moto ndi dzanja.

Manyazi aja nawo anatembenuka modabwitsa. Galimoto ndi njinga za mawaya tsopano zimagulitsidwa kwa alendo pamisika ya ziboliboli ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Zikwama zosokedwa ndi tizidutswa ta zitenje, zimene agogo akanati n'zigamba, zimanyamulidwa ndi a maofesi. Babatoni, chida chachingwe chimodzi chokhoma pamanja, chafika m'mabwalo a zoimba ku Ulaya ndi Madalitso Band komanso Gasper Nali. Ndimakondwera nazo, ngakhale zimandiseketsa kuti tinadikira anthu akunja kuti atiuze kuti n'zokongola. Ndipo ana a amene amagula zinthu zimenezi nthawi zambiri amaseweretsa galimoto yapulasitiki ya musitolo, imene imathyoka tayala Khirisimasi isanathe.

Okhoma zidebe akadalipo. Mu msika wa Ndirande nyundo zimalira tsiku lonse, koma ntchito yasintha: zokonza zachepa, zopanga ndizo zachuluka, mbaula, makeni othirira mbewu, modyera ndi momwera nkhuku, zochokera ku migolo, malata akale ndi matupi a magalimoto. Mmodzi wa iwo, wachikulire ndithu, atandigulitsa mbaula anandiuza kuti, “Achimwene, manja alipo, chitsulo ndiye chavuta.” Ogula zitsulo zakutha pa kilo amayenda m'makomo n'kutenga chilichonse, ndipo mmisiri ayenera kupikisana nawo mtengo pa chinthu chimene kale ankangopatsidwa. Anyamata amene akanakhala ophunzira ake ambiri ali pabenchi ya pafupi, akutsegula mafoni ndi kansonga kamoto, kuchotsa chiwalo ku foni yakufa n'kuika ku yodwala. Mwana wa mlongo wanga kumudzi amachotsa timababu m'matochi akufa, n'kutilumikiza ku batire la foni yakale, n'kumata CD kumbuyo kuti kuwala kubalalike. Nyale yakeyo imawala kuposa koloboyi aliyense amene ndinapangapo. Batire likafufuma amaliponya kudzala, pamodzi ndi mabatire a tochi ndi a sola, pamalo pomwe agogo ake amatapa manyowa othira m'dimba la masamba.