Kalasi ya kusikelo ndi anthu amene sakhalamo

M'Malawi muno muli kalasi imodzi imene pafupifupi mayi aliyense adakhalamo, ngakhale amene sadapondeko kusukulu. Ndikunena maphunziro a kusikelo. Mmawa, ana asanayambe kukwezedwa pasikelo, amayi amakhala pamabenchi kapena pansi pakhonde la chipatala, namwino kapena mlangizi wa zaumoyo n'kuimirira kutsogolo. Amayamba ndi nyimbo ndi kuwomba m'manja, kenako phunziro la tsikulo: kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi, magulu asanu ndi limodzi a zakudya, kugona m'masikito, thanzi mwana akatsegula m'mimba, masiku a katemera, kulera. Palibe fizi, palibe mayeso. Ukafuna kudziwa amene adamva, umatsegula buku la mwana n'kuona ngati mzere uja ukukwera kapena ukutsika.

Kalasi imeneyi ndimaipatsa ulemu kwambiri. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa 1992 adapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Wa 2015-16 adapeza 63. Zifukwa n'zambiri, ndipo katemera ali m'gulu la zikuluzikulu: wa chibayo adabwera mu 2011, wa rota woteteza kutsegula m'mimba mu 2012, ndipo mu 2019 dziko lathu ndilo lidayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera kusikelo. Koma katemera sateteza mwana ali mufiriji. Pamafunika wina woti auze mayi chifukwa chake ayenera kuyendanso mtunda wonse uja mwezi wamawa, pamene mwana wake sakudwala n'komwe. Ntchito imeneyo adaigwira ndi anthu a pakhonde aja.

Dandaulo langa lili pa amene amakhala pamabenchi. Chipatala chimaphunzitsa mayi wa mwana, n'kumutuma kukachita zimene wamva m'nyumba imene mawu omaliza si ake. Kafukufuku wa 2015-16 yemweyo adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu adali opinimbira. Umphawi ndiwo gwero lalikulu, sindikukana. Phala la magulu sungaliphike ndi mawu okha pamene m'nyumba mulibe nsinjiro. Koma ngakhale pamene chakudya chilipo, amene amanena kuti mwana ayambe liti phala, amwe chiyani akalira usiku, apite naye kuchipatala lero kapena adikire kaye mawa, nthawi zambiri ndi agogo a mwanayo, ndipo amene amatulutsa ndalama ya kabaza ndi bambo. Onse awiriwa kusikelo sakhalako.

Izi ndidaziona bwino patchuthi cha chaka chatha. Mchemwali wanga wamkulu adachira mwana asanakwane masiku, kamtsikana kolemera makilogalamu 1.7, pachipatala china cha boma. Atatuluka kunazale adawapititsa kuwodi ya kangaru. Kwa amene simunaionepo: mwana wosakwana masiku thupi lake silisunga kutentha, ndiye amamuvula n'kumusiya ndi thewera, chipewa ndi masokosi, n'kumumangirira ndi chitenje pachifuwa pa mayi, khungu kukhudza khungu, usana ndi usiku. Njirayi idayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 chifukwa cha kuchepa kwa makina ofunditsira ana, ndipo kwathu kuno idayambira pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Kwa dziko ngati lathu, limene lili m'gulu la maiko okhala ndi ana ambiri obadwa masiku osakwana, ndiponso kumene magetsi amathima osatsanzika, ndi njira yanzeru zedi.

Magadiyani tidalipo awiri, ine ndi apongozi a achemwali. M'wodimo ankalola mmodzi, ndipo popanda wina kulamula zidangochitika kuti wolowa ndikhale ine, poti ndine "wa sukulu", ndimva msanga zonena anamwino. Apongozi adatsala kumalo a magadiyani, kuphika, kuchapa matewera, kusaka nkhuni. Anamwino adatiphunzitsa bwino ndithu. Adationetsa kamangidwe ka chitenje kuti khosi la mwana lisapindike, kafinyidwe ka mkaka ndi kamwetsedwe ka pakapu maola awiri kapena atatu alionse, zizindikiro zoopsa monga kuzizira thupi, kukana kuyamwa ndi kupuma mobanika, ndiponso chifukwa chake mwana wotere sathamangira kumusambitsa. Zonsezi adazimva anthu awiri: mayi wotopa amene sadagone mokwanira kwa masiku khumi, ndi ine amene patangopita milungu iwiri ndinkabwerera kukoleji. Munthu amene akakhale ndi mwanayo chaka chonse adali panja, mtunda wosakwana kuponya mwala, akukoleza moto.

Achemwali ali pachitengwa, ndiye titatuluka tidapita kwa apongoziwo. Mafunso adayamba tsiku lomwelo. Mwana amaberekedwa kumbuyo, uyu bwanji ali kutsogolo ngati katundu wobisa? Mwezi wa Okutobala uno, kutentha chonchi, mwana osamwa ngakhale kadontho ka madzi? Osasamba mpaka liti? Nanga mayi akangokhala ndi mwana pachifuwa tsiku lonse, kumjigo apita ndani? Sadafunse mwankhanza. Ndi mayi amene adalera ana asanu ndi awiri, ndipo funso lililonse lidali lomveka kwa munthu amene sadauzidwepo kanthu. Mayankho adalipo: mkaka wa m'mawere uli kale ndi madzi okwanira, madzi a pamjigo angamutsegulitse m'mimba, kusamba kungamuziziritse. Koma taganizani mtsikana wa zaka 23 akuyankha apongozi ake kuti "anamwino adati". Pachikhalidwe chathu mawu amenewo samveka ngati uphungu wa chipatala. Amamveka ngati mwano. Achemwali ankangoti "chabwino, amayi," n'kumachita za chipatala mobisa, usiku, ngati akuba.

Zidasinthako pa tsiku lokaonetsanso mwana kuchipatala. Achemwali adali ofooka, ndiye apongozi adawaperekeza mpaka m'kati. Namwino wachikulire amene tidamupeza tsikulo adawapatsa moni wa "agogo", adawafunsa kuti adalera ana angati, kenako adawapempha kuti iwowo amunyamule mwanayo pachifuwa pawo kuti mpongozi wawo apumeko. Adawamangirira yekha chitenje. Sipadapite mphindi khumi. Sindinena kuti zonse zidatheratu pomwepo. Nkhani ya madzi idavutabe kwa milungu ingapo, ndipo kamkuzi ka m'chiuno mwa mwana sikadachoke, ngakhale kuti palibe amene kadamupweteka. Koma kuyambira tsikulo kangaru adasiya kukhala chinthu cha mpongozi ndi anamwino ake. Agogo ankakhala pamkeka masana ndi kamdzukulu pachifuwa, n'kumafotokozera okha anzawo obwera kudzaona mwana chifukwa chake sakumupereka m'manja mwa aliyense.

Ife ophunzira za chikhalidwe ndi zilankhulo timakonda kunena kuti mawu ali ndi mphamvu, mpaka anzathu a sayansi amatiseka. Koma tamverani mmene nkhani za agogo zimalowera m'maphunziro a kusikelo. Zimalowa ngati "zikhulupiriro", mawu amene pakhonde paja amatanthauza zinthu zoyenera kusiyidwa. Amayi amaseka, ena amagwedeza mitu, phunziro n'kupitirira. Chikhalirecho agogo aja nthawi zambiri amaona bwino, ndipo amaona msanga kuposa mayi woyamba kubereka. Akati liwombo lalowa, sakunama: liwombo limalowadi mwana akatha madzi m'thupi chifukwa chotsegula m'mimba kapena kusanza. Akati mwana watupa mapazi ndi nkhope, tsitsi lafiira, aonadi chizindikiro chimene achipatala amachiopa, cha kusowa zakudya m'thupi. Kusiyana kuli pa dzina ndi pa chochita. Agogo akati ndi tsempho, mlandu umagwera makolo kuti sadadzisunge, banja limayamba kufunsana ndi kufuna mankhwala a zitsamba, masiku n'kumapita, pamene mwanayo akufunika chiponde ndi chithandizo cha kuwodi ya ana onyentchera. Munthu amene ali ndi diso lotere ndi wofunika kumukoka, kumuuza kuti: mwaona bwino, mukaona chimenechi musagone, bwerani naye. Kumuseka ali kutali kumangochititsa kuti mpongozi abwerere kunyumba ndi mfundo zimene sangathe kuzitchula.

Izi si nzeru zanga zatsopano. Ku Ekwendeni, m'boma la Mzimba, chipatala cha mishoni chidayamba cha m'ma 2000 kugwira ntchito ndi alimi ndi akatswiri ofufuza, mmodzi mwa iwo Rachel Bezner Kerr, pofuna kuchepetsa kunyentchera kwa ana polimbikitsa mbewu za mtundu wa nyemba monga nandolo, soya ndi mtedza. Adapeza kuti kukolola mbewuzo pakokha sikunkafikitsa chakudyacho m'kamwa mwa mwana, ndipo kuti agogo, makamaka a kuchimuna, adali ndi mawu aakulu pa nthawi yoyambitsa mwana phala lamadzimadzi ndi madzi a zitsamba. Adayamba kukonza masiku ophikira pamodzi ndi magulu okambirana okhala ndi agogo ndi abambo omwe. Ndiye njira idaoneka kale, m'dziko lathu lomwe lino. Chodabwitsa n'chakuti patapita zaka zoposa makumi awiri, pamakonde ambiri mabenchi akadali a amayi okhaokha.

Wina anena kuti abambo adaitanidwa kale. N'zoona, koma taonani kaitanidwe kake. M'zipatala zambiri mayi woyembekezera akabwera ndi mwamuna wake amathandizidwa msanga, ndipo m'madera ena mafumu adaika malamulo oti wobwera yekha akhale ndi kalata yofotokoza chifukwa. Cholinga n'chabwino, makamaka pa nkhani yoyezetsa magazi limodzi. Koma amene amalangika ndi mayi amene mwamuna wake ali ku Joni, kapena adamuthawa, kapena mtsikana amene wopereka mimba adaikana. Ameneyo ndiye amakhala kumapeto kwa mzere, pamene ndi amene akufunika thandizo kuposa onse. N'chifukwa chake timamva nkhani za amayi obwereka wakabaza kuti akaimire ngati mwamuna. Ndipo bambo amene wabweradi amabwera kamodzi, n'kuyezedwa, n'kulembedwa m'kaundula, basi. Mwana akabadwa sadzapondakonso. Kumeneko n'kuwerenga mitu ya abambo, pamene funso lenileni, loti bamboyu akudziwa chochita mwana akatentha thupi pakati pa usiku, silinafunsidwe.

Pali zinthu ziwiri zimene zimandivuta pa maganizo angawa. Choyamba ndi kuchepa kwa ogwira ntchito. Boma lidafuna kuti mlangizi wa zaumoyo mmodzi azisamalira anthu 1,000, koma m'madera ambiri amasamalira oposa pamenepo, ndipo namwino amene ali yekha m'wodi yodzaza sangamusenzetsenso kalasi ina. Chachiwiri n'chakuti kuika agogo pabenchi kungawonjezere mphamvu kwa munthu amene ali nazo kale zambiri. Si apongozi onse ali ngati a achemwali anga. Kwa amayi ena achitsikana, kusikelo ndi malo okhawo kumene angafunse za kulera kapena kunena za nkhanza za kunyumba popanda khutu la kuchimuna. Malo amenewo asalandidwe. Sindikupempha kuti apongozi azilowa m'chipinda choyezera.

Chimene ndikupempha n'chaching'ono kuposa pamenepo, ndipo ophunzira ake ali kale pachipatala. Pitani kumalo a magadiyani pachipatala chilichonse cha boma cha m'ma 2 koloko masana, nsima itadyedwa, nthawi yoona odwala isanakwane. Mupeza amayi achikulire ambirimbiri atakhala pazitenje, ena akhalapo mlungu wathunthu, ena mwezi poti akudikirira mwana wawo amene ali kuchidikiro. Ndi anthu omwe aja amene akalamule za mwana akabwerera kumudzi. Sakufunika ndalama yoyendera kapena alawansi. Adabwera okha, ndipo alibe kopita mpaka madzulo. Nthawi zonse zimene ndidakhala kumeneko, wachipatala ankabwera kudzanena za ukhondo wa zimbudzi ndi kuletsa kuyanika zovala pampanda. Alaliki ankabwera tsiku lililonse, ogulitsa makala ndi tomato chimodzimodzi. Wodzakamba za mwana sindidamuonepo.

Theka la ola kawiri pamlungu lingakwane. Wophunzitsa sayenera kukhala namwino wa m'wodi. Angakhale mlangizi wa zaumoyo, wophunzira unamwino amene ali pa pulakitiko, kapena mmodzi mwa amayi odzipereka a m'magulu a m'midzi amene amayendera kale mabanja khomo ndi khomo. Chachikulu ndi kayambidwe. Osayamba ndi tchati cha magulu a zakudya, koma ndi funso limene namwino uja adafunsa: agogo, mudalera angati, ndipo mwana akakana bere inu mumatani? Ayankhe, atsutsane okhaokha, poti agogo amamvera agogo anzawo kuposa mtsikana wa yunifolomu. Kenako wina abweretse chidole ndi chitenje, aliyense ayese kumanga.

Ndipo m'mawodi a kangaru ndi a ana onyentchera, tsiku lotulutsa mwana, namwino asanasaine buku, angofunsa kuti kunyumbako mwanayu azikhala ndi ndani. Ngati munthuyo ali panja pamoto, amuitane alowe, ngakhale ndiwo zipserere.