Masiku amene tinkapalana moto

Kwathu ku Dedza, m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe, moto sunali wa nyumba imodzi. Macheso analipo kusitolo, a Leopard aja, koma bokosi likagulidwa linkasomekedwa kudenga, kudikira tsiku la mvumbi pamene mudzi wonse wazimirwa. Masiku ena onse, mayi akadzuka n'kupeza kuti chikuni chimene anafotsera m'phulusa usiku chazima, ankatuma mwana kukapala moto. Unkatenga phale kapena chitsononkho, n'kuyang'ana nyumba imene ikufuka utsi. Ukafika sunkangotola khala n'kutembenuka. Unkayamba waodira, n'kukhala pansi, n'kupereka moni: "Mwadzuka bwanji agogo? Amayi andituma moto." Agogowo ankafunsa za aliyense wa kunyumba kwanu mmodzimmodzi, nawonso n'kunena za kwawo, kuti mdzukulu wagona ndi malungo kapena mbuzi zalowa m'dimba. Pobwerera, uku ukuuzira khala lija kuti lisazime, unali utanyamulanso nkhani, ndipo dzuwa lisanakwere amayi anali atanyamuka kale ndi kambale ka phala kukazonda wodwalayo.

Ndikamawerenga zinthu zimene ndidakula nazo koma lero kulibe, ndimapeza kuti zambiri zinali zotero. Zinali zosakwanira, zoti nyumba imodzi siikanatha kukhala nazo payokha, ndipo kusakwanirako n'kumene kunkatiyendetsa m'makomo mwa anzathu tsiku ndi tsiku. Simbi yamakala inali imodzi mbali yonse ya mudzi wathu, ndipo Loweruka madzulo inkazungulira nyumba ndi nyumba kuti malaya a kutchalitchi awongoke. Singano, sefa, lumo lometera, pampu ya njinga, chilichonse chinali ndi mwini wake, koma mwiniyo ankadziwa kuti si chake yekha.

Mtondo ndiwo ndimaukumbukira kwambiri, ngakhale kuti munsi sunali wa ife anyamata. Ife tinkaumva tili m'gowelo. Tambala akangolira kachiwiri, kugunda kunkayamba kuseri kwa nyumba ina, ina n'kuyankha, mpaka mudzi wonse wadzuka. Ufa woyera unali ntchito ya masiku angapo. Chimanga chikatonoledwa, alongo anga ankachikonola akuwaza timadzi, awiri kapena atatu pa mtondo umodzi, minsi ikulandirana osagundana. Akapeta m'lichero, gaga ankapita kwa nkhumba ndi nkhuku, mphale n'kuviikidwa mumtsuko mpaka itafewa ndi kuyamba kuwawasa. Kenaka kuitsuka, kuiyanika pamphasa, kutibula, kusefa, n'kuyanikanso ufawo, ife ana tili pambali ndi kamtengo kuingitsa nkhuku. Chimanga chake chinali chamakolo, cholimba maso, chosanyenyeka mumtondo. N'chifukwa chake amayi ambiri ankachikana chimanga cha haibulidi choyamba chija, chofewa, chimene gawo lake lalikulu linkathera ku gaga, mpaka akatswiri a ku Chitedze atatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mbewu zokonoleka bwino. Amene ankanena kuti amayi akumudzi ndi osamva za ulimi wamakono sankadziwa kuti mbewu inkayesedwa pamtondo, osati pamunda wachitsanzo pokha.

Pamtondo panalinso pabwalo la milandu la amayi. Mkazi amene mwamuna wake wayamba kugonera ku mowa, kapena amene apongozi akumulankhulira zopweteka, sankathamangira kwa ankhoswe. Ankaiika nkhaniyo m'nyimbo, osatchula dzina, anzake n'kumavomera, munsi ukugunda. Mudzi wonse unkamva, mwini nkhani nayenso ankamva ali khale pakhonde, ndipo kawirikawiri madzulo ake ankabwera kunyumba kukadawala. Ntchitoyo inali yowawa, zimenezo sindingabise. M'manja mwa amayi anga matuza adachita kuuma n'kusanduka chikopa cholimba, ndipo chigayo cha dizilo chitafika kufupi ndi kwathu, iwo adali m'gulu loyamba kusenza dengu. Adachita bwino. Koma kuchigayo mumaima pamzere, injini ikubuma moti simumvana ndi mnzanu, mukalipira n'kumapita. Msana wa amayi udapuma, nyimbo zija zidasowa pokhala.

Nkhokwe nazo zapita tikuona. Zinkalukidwa ndi nsungwi, n'kukhazikidwa pamwamba pa mitengo ndi miyala, n'kuvekedwa denga la udzu, zili poyera pabwalo. Mlendo ankadziwa mmene banja lakololera asanapatsidwe n'mpando womwe. Wosowa ankadziwa kokapempha, ndipo mwini nkhokwe yodzaza sakanatha kunena kuti alibe. M'zaka za m'ma 1990 kudalowa nankafumbwe wamkulu uja woboola ndi mitengo ya nkhokwe yomwe, ndipo njala ya 2002 idabweretsa kuba kwa chimanga kumene sitinkakudziwa. Lero chimanga chimatonoledwa chonse, kuthiridwa mankhwala, n'kusokereredwa m'matumba kuchipinda chogona. Palibe angamudzudzule munthu pa zimenezi. Koma tsopano njala ndi mwanaalirenji zonse zili kuseri kwa chitseko, ndipo mnansi akhoza kugona ndi njala masiku awiri iwe osadziwa.

Za wayilesi ndiye ana a lero amaseka ndikawauza. Abambo athu ankasimba za wayilesi yoyamba imene adaiona, yooneka ngati sefuliya, imene idayamba kugulitsidwa mu 1949 ndipo inkagwira nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, kumene Alick Nkhata ankaimba ndi kuulutsa. Ife tidakula ndi MBC, imene idayamba mu 1964, ndi kawayilesi ka Nzeru kopangidwa m'dziko momwe muno, ku Blantyre. M'mudzi mwathu kanali kwa atsibweni, katavekedwa kansalu kosokedwa bwino kuti fumbi lisalowe. Sikankatsegulidwa chisawawa, chifukwa mabatire anali ndalama. Akafooka tinkawayanika padzuwa kuti apereke kamphamvu kotsalako. Nthawi ya sewero la Kapalepale kapena Pamajiga ikakwana, bwalo la atsibweni linkadzaza, akuluakulu pamipando ya ndalema, amayi pamphasa chapambali, ife ana pansi, nyale ya koloboyi ikufuka pakhonde. Tinkasekera limodzi, n'kutsutsana kuti wolakwa m'seweromo anali ndani, ndipo mawa lake kudambo, ng'ombe zikudya, tinkalibwereza lonse, aliyense atatenga mbali yake.

Ikafika nthawi ya mauthenga achisoni, ngakhale mwana woyamwa ankachita kutontholetsedwa. Maliro a m'bale amene anapita kukagwira ntchito kumaesiteti a fodya ku Kasungu kapena a tiyi ku Thyolo ankamvekera pomwepo. Dzina likatchulidwa la m'mudzi mwathu kapena woyandikana nawo, akulu awiri ankanyamuka usiku womwewo kukauza eni ake mwaulemu, atakhala pansi, kuti munthu asalandire chisoni ali yekha. Kanema adatipeza mochedwa, mu 1999, tili kale ndi ana athuathu. Lero mdzukulu wanga ali ndi wayilesi yakeyake m'foni, timawaya tili m'makutu, ndipo amaseka yekha ine nditakhala naye pamphasa imodzi.

Ife amene tinkapita kusukulu tinali ndi ntchito ina yaulemu, yowerenga makalata. Zaka zimenezo amuna ambiri a kwathu anali ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ena kumigodi ya ku Zambia. Mudzi unalibe keyala, choncho makalata onse ankadzera pa bokosi la positi la sukulu. Ahedi ankaitana mayina pamzere wa m'mawa, mwana wa kumudzi umenewo n'kuibisa kalatayo m'kati mwa kope kuti isade. Madzulo mayi wosadziwa kuwerenga ankakukodolera kuseri kwa nyumba, n'kukupatsa envulopu. Kalata inkayamba ndi moni wautali, kufunsa moyo wa aliyense, wa apongozi, wa ana mmodzimmodzi, mpaka wa ng'ombe. Nkhani yeniyeni inkabwera kumapeto kwenikweni: ndatumiza ndalama papositi, mulipire fizi, mugule bulangete, zotsalazo musunge. "Bwerezanso pamenepo mwanangu," ankatero mayiyo, ndipo unkabwereza mpaka mawuwo atawaloweza.

Kuyankha ndiye kunali kovuta. Iwo akunena, iwe ukulemba, kenaka n'kuwawerengera zimene walemba. "Fufuta zimenezo, adzadandaula nazo ali kutali." Motero matenda a mwana ankachepetsedwa, mkangano wa malire a munda n'kusiyidwa kuti adzaupeze akadzabwera. Mwana wa zaka 11 unkasenza zinsinsi za mabanja, ndipo unkaphunzira msanga kusunga pakamwa, chifukwa ukangoulula kamodzi sankakuitananso, dzira lowiritsa limene ankakupatsa n'kupita kwa mnzako. Ena ankatipatsa kobiri loboola pakati lija, limene agogo ankatunga pachingwe. Kwacha ndi tambala zidadza mu 1971, K2 kulowa m'malo mwa paundi imodzi, koma akuluakulu adapitiriza kuwerengera m'masheleni kwa zaka zambiri.

Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera kumigodi, ndipo Kamuzu adaimitsa ulendo wa ku Joni. Masabata amenewo amayi sankadikira madzulo. Ankabwera okha kudzaima panja pa sukulu kuti amve ngati dzina lawo liitanidwe, ndipo amene walandira kalata ankatsegulira pomwepo, anzake atamuzungulira. Ulendowo udatsegulidwanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kudzathera mu 1988. Dzina la Wenela latsalira pa depoti ya mabasi ku Blantyre, ndipo achinyamata ambiri okwerera pamenepo sadziwa kuti abambo a anzawo ankatsanzikira mabanja m'dzina limeneli.

Foni ndimaiyamika ndi mtima wonse. Mwana wanga ali ku Johannesburg, ndimamva mawu ake sabata iliyonse, ndipo ndalama zimandipeza ndili pakhonde, osayenda mtunda kupita kupositi. Chigayo, macheso otchipa, tochi yadzuwa m'malo mwa koloboyi amene ankatidetsa mphuno ndi mwaye, zonsezi zidabwera chifukwa zimagwira ntchito bwino kuposa zakale, ndipo munthu amene adasenzapo mtsuko kuchokera kumtsinje sangatukwane mjigo.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi dima. Mwini munda ankafulula mowa wamasese kapena thobwa, kupha nkhuku, n'kumema mudzi. Tsiku lake likafika, amuna ndi amayi ankalowa m'munda mbandakucha, aliyense ndi mzere wake, makasu akugwa pamodzi motsata nyimbo, wotsalira akunyogodoledwa mpaka afike pamene pali anzake. Munda woti banja limodzi likanalimbana nawo masabata awiri unkatha dzuwa lisanafike paliwombo, anthu n'kukhala pamthunzi kumwa ndi kudya. Mkuja lake gulu lomwelo linali m'munda wa wina. Munda wa mayi wamasiye kapena wa nkhalamba yopanda ana pafupi unkalowedwa ngakhale patakhala thobwa lokha, ndipo palibe ankawerengera kuti mwiniyo adzabweza liti.

Dima silidalandidwe malo ndi makina. Khasu ndi lomwe lija, mizere ndi yomwe ija, thirakitala kwathu sidafike. Chidalowa m'malo mwake ndi ganyu. Nthawi yopalira, wosauka amasiya munda wake kukapalira wa wina kuti apeze ufa wa tsiku limenelo. Pamene akubwerera, chimanga chake chamezedwa ndi udzu, zokolola n'kuchepa, chaka chamawa ali paganyu pomwepo. Nkhalamba yopanda ndalama zolembera aganyu imalima kachigawo ka pafupi ndi njira, kwinako n'kugonera. Izi ndimaziona ndi maso anga chaka ndi chaka, m'mudzi womwe uja umene unkamaliza minda yonse Khirisimasi isanafike.

Inu mafumu, inu a m'mipingo, ndi inu amayi a banki m'khonde amene mumakumana kale sabata ndi sabata, mvula ikagwa chaka chino sankhani munda umodzi wa nkhalamba kapena wa ana amasiye m'mudzi mwanu. Tchulani tsiku, aliyense abwere ndi khasu lake. Za thobwa tisiyireni ife okalamba, kaviikidwe ka chimera tikadakadziwa.