Ulendo wa maola awiri, kudikira kwa mwezi wathunthu

Pakati pa nyanja yaikulu ya Atlantic, kumadzulo kwa dziko la Angola, pali zilumba ziwiri zimene zili m'manja mwa Angerezi. China ndi Saint Helena, chinzake ndi Ascension. Oyamba kuziona anali amalinyero a Chipwitikizi cha m'ma 1501 ndi 1502, ndipo panthawiyo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe wokhalapo.

Kuchokera pa bwalo la ndege la Saint Helena kukafika pa bwalo la Wideawake ku Ascension pali makilomita pafupifupi 1,300. Mtunda umenewu ukufanana ndi wochokera ku Tete kukafika ku Joni, munthu atati aziuluka molunjika ngati mbalame. Koma kumeneko kulibe mudzi panjira, kulibe mtengo, kulibe poima n'kumwa tiyi. Ndi madzi okhaokha. Ndege imadula mtunda wonsewu pa maola awiri basi.

Nanga anthu amakatani ku Ascension, dziko la miyala yopsa ndi moto wa pansi pa nthaka? Amatsata ntchito. Aamerika anamangako bwalo la ndege mu 1942, nthawi ya nkhondo yachiwiri, ndipo mu 1966 wailesi ya BBC inaimikako milongoti yoponyera mawu ku Africa. Pachilumbapa pamakhala anthu pafupifupi 800, ambiri mwa iwo ochokera ku Saint Helena. Palibe amene amaloledwa kupayesa kwawo. Ntchito ikatha, munthu amamanga katundu, ngakhale atakhalapo zaka 30, ngakhale ana ake atabadwira pomwepo. Madala amene anayenda pa Wenela akuudziwa moyo wotere.

Kale njira inali imodzi, sitima ya pamadzi yotchedwa RMS St Helena. Inkayenda masiku awiri kapena atatu pakati pa zilumbazi, ndi masiku asanu kukafika ku Cape Town. Bwalo la ku Saint Helena linatha kumangidwa mu 2016, koma chimwemwe chinachedwa. Analimanga pamwamba pa phompho, pamene mphepo imatembenuka mwadzidzidzi n'kugwedeza ndege ikamatera. Okwera anadikira mpaka pa 14 Okutobala 2017, pamene ndege ya Airlink inayamba kubwera kuchokera ku Johannesburg, ulendo wa maola pafupifupi 6 kuphatikiza poima kumwa mafuta ku Namibia. Sitima ija inapuma mu Febuluwale 2018.

Tsono vuto lagona apa. Pa dongosolo limene linayamba kumapeto kwa 2017, ndege yomweyo inkapitirira ku Ascension kamodzi kokha pa mwezi. Inkagonako usiku umodzi, m'mawa mwake n'kubwerera. Ndiye maola awiri aja ndi a munthu amene wakhala kale pampando. Amene walandira uthenga wa maliro a mayi ake ndege itanyamuka dzulo lake, ameneyo ulendo wake ndi wa milungu inayi. Lamya imamufikira nthawi yomweyo, koma iye adzapeza manda atauma kale.

Ngakhale tsiku loyembekezekalo likakwana, mtima sukhala pansi. Nkhungu ikaphimba bwalo la ku Saint Helena, kapena mphepo ikakula, ndege siitera. Anthu amene anamanga zikwama dzulo amazimasulanso, n'kumatchera khutu kuti amve za nyengo ya mawa.