Buku ndi Nyundo ku Kasarani

Munthu akamayenda mumsewu wa ku Mwiki kuno ku Kasarani, naona amisiri ogwira ntchito panja, otchedwa jua kali, akuwotcherera zitseko, moto ukuthetheka padzuwa, pamene ana a sekondale akudutsa atasenza mabuku a masamu, sangaleke kudzifunsa chifukwa chimene sukulu inalekanitsira mutu ndi manja. Dongosolo la 8-4-4, limene Kenya inakhazikitsa mu 1985, linaika ulimi, ukalipentala ndi ntchito zapakhomo pambali pa Chingerezi ndi sayansi. Koma mayeso omaliza a sekondale, a KCSE, atakula mphamvu, maphunziro a manja anasanduka ana amasiye. Tsopano, m'dongosolo la CBC, limene likulowa m'malo mwa 8-4-4, wophunzira wa Giredi 10 amasankha imodzi mwa njira zitatu: sayansi ndi umisiri, maphunziro a chikhalidwe cha anthu, kapena zaluso ndi masewera, ndipo yotsirizayi iyenera kumveka msanga kuno, kumene bwalo la Moi International Sports Centre laima chiyambire 1987. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, abale anga: mutu ndi manja ziyenera kuyendera limodzi. Komabe njirazi zidzabala zipatso pokhapokha sukulu zitakhala ndi zipangizo ndi aphunzitsi odziwadi ntchitozo.